Chitsime ndi sepitiki thanki pa poloti imodzi: ndondomeko yopezera okukonzerani madzi akumwa

Funso limene ndafunsidwa kambirimbiri m'zaka zapitazi ndi lakuti, "Kodi mukudziwako munthu wodalirika amene angatiikire makina oyeretsa madzi?" Ofunsawo kawirikawiri ndi anthu amene amanga nyumba m'malo atsopano kunja kwa Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, kumene mapaipi a bungwe la madzi sanafike, ndipo pofuna kudzithandiza anakumba chitsime kapena kuboola mjigo pakona ya poloti, n'kumanganso sepitiki thanki kuseri kwa nyumba. Yankho langa limawakhumudwitsa poyamba chifukwa sinditchula dzina la munthu. Wogulitsa makina ndiye womalizira pa anthu onse amene muyenera kukumana nawo, ndipo amene amayambira kwa iye amagula chida chochiza matenda amene madzi ake alibe, matenda enieniwo n'kutsala m'madzi momwemo. Ndaona kuti n'kwabwino kulemba ndondomeko yonse kamodzi, monga mmene ndimafotokozera pakamwa.

Tigwirizane kaye pa mawu. Ndikanena chitsime ndikutanthauza chokumba ndi manja, chachikulu kukamwa, chimene chimatunga madzi a pafupi ndi pamwamba pa nthaka. Mjigo, umene ena amautcha dilawo, ndi wobooledwa ndi makina, wopita pansi mamita makumi angapo, kaya uli ndi pampu yamanja ya Afridev kapena pampu yamagetsi yokweza madzi m'thanki. Sepitiki thanki ndi chipinda cha simenti cha pansi pa nthaka chimene chimalandira zochokera ku chimbudzi chamadzi, ndipo sokawe ndi dzenje la miyala limene limalandira madzi otuluka m'thankiyo kuti alowerere m'dothi. Anthu ambiri amaganiza kuti madzi otuluka m'sepitiki thanki amakhala atayera kale. Sakhala atayera. Thanki imangolekanitsa zolimba ndi zamadzimadzi, ndipo chimene chimapha tizilombo ndi dothi limene madziwo amadutsamo asanakafike pa chitsime cha munthu.

Pamene mukutsata ndondomekoyi, madzi akumwa muziwawiritsa kapena kuthiramo Waterguard molingana ndi muyeso wolembedwa pa botolo, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, choncho kudikira zotsatira za labotale muli kumwa madzi osatetezedwa si nzeru.

1. Yendani poloti yanu ndi tepi m'manja.

Yezani mtunda kuchokera pa chitsime kukafika pa sokawe, osati pa thanki yokha, chifukwa nyansi zimalowa m'dothi pa sokawe. Muyeso umene akatswiri a zaukhondo amagwiritsa ntchito ndi wakuti pakhale mamita osachepera 30, ndipo pansi pa dzenje lililonse la zonyansa pakhale pamwamba pa madzi a m'nthaka ndi mita imodzi ndi theka kapena kupitirira. Tsopano ganizirani poloti ya mamita 15 m'lifupi ndi 30 m'litali, imene ndi yofala m'malo ogulitsidwa masiku ano. Ngakhale mutaika chitsime pakona ina ndi sokawe pakona yopingasa nayo, mtundawo umangokwana movutikira, ndipo pokankhira sokawe yanu kutali ndi chitsime chanu mwaifikitsa pafupi ndi chitsime cha mnansi. Iyenso wachita chimodzimodzi. N'chifukwa chake muyenera kusuzumira kuseri kwa mpanda mbali zonse, ndi kufunsa mwaulemu kumene kuli sokawe, chimbudzi chokumba, khola ndi dzala la anansi anu. Madzi a pansi pa nthaka sadziwa malire a poloti.

Onaninso kutsetsereka kwa malo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo mawuwa ndi oona ngakhale pa madzi osaoneka ndi maso, chifukwa nthawi zambiri amayenda motsatira mmene nthaka yatsetserekera. Chitsime chimene chili kumunsi kwa sokawe chili pangozi yaikulu kuposa chimene chili kumtunda, ngakhale mtunda utafanana. Dothi lamchenga, malo a m'mbali mwa dambo ndi malo a miyala yong'aluka amadutsitsa nyansi mwachangu kuposa katondo, ndipo m'malo oterewa mamita 30 sakwanira. Jambulani zonsezi papepala. Pepala limenelo mudzalionetsa kwa aliyense amene adzabwere kudzakuthandizani.

2. Fufuzani mbiri ya mjigo ndipo muone pakamwa pake.

Kontirakitala amene anaboola mjigo anayenera kukusiyirani lipoti losonyeza kuya kwake, pamene madzi anapezeka, kutalika kwa mapaipi otchinga m'mbali ndi kuchuluka kwa madzi otuluka pa ola. Ngati mulibe, kalifunseni. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, limene limapereka ziphaso kwa oboola mijigo ndi zilolezo zotunga madzi a pansi, choncho ngati mjigo wanu unabooledwa popanda mapepala, n'kwabwino kukalongosola nkhaniyo kumeneko musanawononge ndalama zina pa mjigowo.

Chimene mukufuna kudziwa kwambiri mu lipotilo ndi chakuti kodi mpata wa pakati pa paipi ndi dothi unatsekedwa ndi simenti mamita angapo akumtunda. Mjigo ungakhale wakuya mamita 45, koma ngati mpata umenewu unangokwiriridwa ndi dothi, madzi akuda a pamwamba amatsetsereka m'mbali mwa paipi n'kukafika pansi, ndipo kuyako sikuthandizanso kanthu. Pa chitsime chokumba, onani ngati konkire ya pakamwa yang'aluka, ngati chivindikiro chimatseka bwino, ngati pali ngalande yochotsa madzi otayika, ndiponso kumene chingwe ndi ndowa zimagona.

3. Pezani labotale imene sigulitsa makina.

Woyeza madzi anu asakhale yemweyo amene akufuna kukugulitsani chida. Boma lili ndi Central Water Laboratory ku Lilongwe pansi pa unduna woona za madzi, Malawi Bureau of Standards ku Blantyre imayeza madzi, mabungwe a madzi ali ndi malabotale awo, ndipo masukulu a ukachenjede monga MUBAS ndi Mzuzu University nawonso ali ndi zipangizo zoyezera. Ngati muli kutali ndi mizinda, yambirani ku ofesi ya madzi ya boma lanu kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, amene angakulumikizeni ndi oona za ukhondo ku ofesi ya zaumoyo. Imbani kapena pitani musanatunge madzi, mufunse mtengo, masiku amene amalandira madzi, ndiponso ngati amapereka okha mabotolo.

Muwauze kuti mukufuna mayeso a mitundu iwiri. Oyamba ndi a tizilombo, makamaka E. coli, kachilombo kamene kamakhala m'matumbo a anthu ndi nyama, kamene kakapezeka m'madzi ndiye kuti chimbudzi chafikamo. Achiwiri ndi a zosungunuka m'madzi: nitrate, fluoride, chitsulo, manganese, mchere, laimu, pH (muyeso wa asidi m'madzi) ndi kuda kwa madzi.

4. Tungani madzi okayezetsa m'njira yoyenera.

Apa ndi pamene ndondomeko zambiri zimangodumpha, n'kunena kuti "kayezetseni madzi", ngati kuti n'kungotunga m'botolo ndi kunyamuka. Koma zotsatira za labotale sizingapose madzi amene mwapereka. Bambo wina anandibweretsera pepala losonyeza tizilombo tosawerengeka, ali wokonzeka kukwirira mjigo umene anawonongerapo ndalama zambiri. Nditafunsitsa, ndinapeza kuti anatungira m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi limene anangolitsukuluza, kudzera m'paipi ya pulasitiki imene inkagona pansi pafupi ndi khola la nkhuku, ndipo botololo linagona m'galimoto usiku wonse n'kukafika ku labotale mawa lake masana. Atabwereza moyenera, mjigowo unapezeka wabwino.

Botolo la mayeso a tizilombo litengeni ku labotale, chifukwa limakhala lophedwa tizilombo kale, ndipo musalitsegule mpaka nthawi yotunga. Musalitsukuluze. Ngati muona kaufa kapena kadontho m'kati mwake, musataye, chifukwa ndi mankhwala oletsa mphamvu ya klorini kuti isapitirize kupha tizilombo panjira. Musathire klorini m'chitsime masiku oyandikira kuyezetsa, chifukwa mudzangodzinamiza nokha.

Pa tsiku lotunga, sambani m'manja ndi sopo. Chotsani paipi iliyonse kapena kasefa kamene kali kukamwa kwa mpope. Pukutani kukamwako, ndipo ngati mpope ndi wachitsulo, kuwaule ndi lawi la thonje loviikidwa mu sipiriti, koma ngati ndi wapulasitiki, kupukuteni ndi madzi a klorini m'kati ndi kunja. Tsegulani madzi ayende mphindi zitatu kapena zisanu, ndipo ngati ndi pampu yamanja, jigani kwa mphindi zingapo, kuti madzi amene anagona m'mapaipi atuluke ndipo mutunge ochokera pansi penipeni. Kenako chepetsani mphamvu ya madzi, tsegulani botolo, gwirani chitsekero choyang'ana pansi osachiika pena paliponse ndiponso osakhudza m'kati mwake, dzazani botolo kusiya kampata kakang'ono pamwamba, n'kutseka nthawi yomweyo. Kukamwa kwa botolo kusakhudze mpope. Pa chitsime chopanda pampu, mangani botolo ku chingwe chatsopano choyera pamodzi ndi kamwala kotsuka bwino kuti limire, mulitsitse osagunda m'mbali, ndipo lisafike pa matope a pansi.

Botolo la mayeso a zosungunuka ndi losiyana. Likhale la pulasitiki loyera la lita imodzi, mulitsukuluze katatu ndi madzi omwewo, n'kulidzaza mpaka pakamwa.

Tungani malo awiri, ndipo apa musaumire ndalama. Botolo lina litungidwe pa mjigo penipeni madzi asanalowe m'thanki, lina pa mpope wa kukhitchini. Ndinaonapo nyumba imene madzi a pa mjigo analibe kachilombo ngakhale kamodzi koma a kukhitchini anali oipa, ndipo titakwera pa nsanja tinapeza chivindikiro cha thanki chinauluka ndi mphepo kalekale, m'mphepete muli zitosi za mbalame, pansi pali buluzi wakufa. Banja limenelo silinkafunika makina ayi, linkafunika chivindikiro, bulashi ndi klorini.

Lembani pa botolo lililonse malo, tsiku ndi nthawi. Ikani mabotolo m'bokosi losunga kuzizira limene muli madzi oundana, koma madzi okayezetsawo asaundane, ndipo asaone dzuwa. Akafike ku labotale pasanathe maola 6 ngati n'kotheka, ndipo akapitirira maola 24 ndiye kuti ntchito yawonongeka. Choncho tungani m'mawa, kumayambiriro kwa sabata. Tizilombo timafunika kumeretsedwa pafupifupi tsiku lathunthu kuti tiwerengedwe, ndipo madzi ofika Lachisanu madzulo akhoza kugona mpaka Lolemba.

Nyengo nayonso ili ndi mbali yake. Chitsime chimene chapezeka chabwino mu Okutobala chikhoza kuipa mu Januwale kapena Febuluwale, pamene madzi a m'nthaka akwera n'kukumana ndi pansi pa masokawe ndi zimbudzi. Mayeso a tizilombo amene amanena zoona ndi a pakati pa dzinja, mvula yamphamvu itagwa. Ngati mwayezetsa m'chilimwe, mudzabwereze m'dzinja musananene kuti madzi anu ndi abwino.

5. Werengani zotsatira musanaitane wina aliyense.

Pepala la labotale limakhala ndi mzere wa zimene zapezeka ndi mzere wa malire ovomerezeka. Funsani kuti malirewo ndi a muyeso uti. Malawi ali ndi MS 214 wa madzi akumwa ndi MS 733 wa madzi a m'mijigo ndi zitsime, ndipo wachiwiriyu ndi wofewa pa zinthu zina kuposa malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Mwachitsanzo, MS 733 wa 2005 amalola tizilombo ta m'chimbudzi mpaka 50 pa mamililita 100 ndi fluoride mpaka mamiligalamu 6 pa lita, pamene WHO imafuna kuti E. coli asapezeke n'komwe ndipo fluoride asapitirire 1.5. Muyeso wofewawo unaganizira midzi imene ilibe pena potunga. Inu amene mukukonza madzi a banja lanu, ndipo muli ndi sepitiki thanki pafupi, tsatani wokhwimawo.

E. coli akakhala pakati pa 1 ndi 10 pa mamililita 100 ngozi ndi yochepa koma ilipo, pakati pa 10 ndi 100 ndi yokulirapo, ndipo kupitirira 100 madziwo asamwedwe osawiritsa ngakhale tsiku limodzi. Nitrate asapitirire mamiligalamu 50 pa lita, koma samalani, chifukwa malabotale ena amalemba nitrate-N, njira ina yowerengera nitrate yemweyo, imene malire ake ndi pafupifupi 11 basi, ndipo munthu akhoza kuona 30 n'kusangalala pamene madzi ake apitirira malire kutalitali. Nitrate wambiri pamodzi ndi E. coli ndi chizindikiro champhamvu chakuti sokawe kapena chimbudzi chikuthira m'chitsime, ngakhale kuti feteleza wa m'munda wapafupi nayenso amakweza nitrate. Ngozi yaikulu ya nitrate ili pa makanda osakwana miyezi 6 amene amamwa mkaka wosungunula, chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya. Kuwiritsa sikuchotsa nitrate, m'malo mwake kumamuchulukitsa chifukwa madzi amaphwera.

Fluoride sachokera ku chimbudzi koma ku miyala, ndipo amadziwika m'madera monga Nathenje ku Lilongwe ndi mbali zina za Machinga. Amathimbiriritsa mano a ana, saoneka, samveka kukoma, ndipo kuwiritsa kapena klorini sizimukhudza. Madzi a mchere ndi vuto lodziwika m'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje. Chitsulo chikapitirira mamiligalamu 0.3 pa lita chimafiiritsa zovala ndi masinki, koma musanagule sefa yesani izi: ngati madzi amatuluka ofiira m'mawa n'kuyera mukapopa kwa kanthawi, dzimbiri likuchokera m'mapaipi achitsulo a pampu, ndipo mankhwala ake n'kusintha mapaipiwo. Ngati amatuluka oyera n'kufiira akakhala m'ndowa, chitsulocho chikuchokera m'nthaka.

6. Tsekani njira ya nyansi.

Ngati E. coli wapezeka pa mjigo penipeni, munthu woyamba kumuitana ndi mmisiri womanga kapena pulambala wodziwa za masepitiki thanki. Amisiri ena amasiya pansi pa thanki osawaka, kapena amasiya mipata m'zipupa, n'kumuuza mwini nyumba kuti achita zimenezo kuti thanki isadzaze msanga. Thanki yotere ndi chimbudzi chokumba chabe chovala simenti pamwamba. Ngati papita zaka zambiri thanki yanu isanadzazepo, musanyadire, ikayikireni. Thanki yabwino imafunika kupopedwa pakatha zaka zitatu mpaka zisanu, malinga ndi kukula kwake ndi kuchuluka kwa anthu pakhomo, chifukwa matope akachuluka amasefukira mu sokawe n'kuitseka.

Opopa zimbudzi mungawapeze kudzera ku khonsolo ya mzinda kapena ya boma lanu. Afunseni kumene amakataya, chifukwa malo ake ndi osungirako zonyansa ovomerezeka, monga a ku Kauma mu Lilongwe, osati m'dambo kapena mumtsinje. Thanki ikapopedwa, ndiyo nthawi yoona ming'alu ndi tochi muli kunja. Munthu asalowemo, chifukwa mpweya wa m'menemo umapha m'kanthawi kochepa. Ngati sokawe ili pafupi kwambiri kapena kumtunda kwa chitsime, isamutsidwe, ndipo ngati vuto likuchokera kwa mnansi, mutengane ndi mlangizi wa zaumoyo pokakambirana, chifukwa nkhani ya chimbudzi imautsa mkangano msanga ikangokhala ya anthu awiri. Pali zitsime zina zokumba, makamaka m'mapoloti othinana a m'mbali mwa dambo, zimene sizingakonzeke, ndipo kunena zoona madzi ake angoyenera kuchapira ndi kuthirira.

7. Tsukani chitsime ndi klorini wamphamvu kamodzi.

Mukatseka njira, muphe tizilombo timene tatsalira. Ntchitoyi angakuthandizeni mlangizi wa zaumoyo kapena mmisiri wa mijigo wa dera lanu, koma dziwani masamu ake kuti muone ngati ikuchitika bwino. Chitsime chotambalala mita imodzi chimasunga malita pafupifupi 785 pa mita iliyonse ya madzi, choncho madzi akuya mamita 4 ndi malita pafupifupi 3,140. Klorini waufa wa HTH amafunika magalamu pafupifupi 75 pa malita 1,000 alionse, ndiye kuti chitsime chimenechi chifunika magalamu pafupifupi 235. Sungunulani ufawo m'ndowa ya pulasitiki muli panja, mutavala magolovesi, osausakaniza ndi mankhwala ena alionse, thirani m'chitsime, tsegulani mipope yonse mpaka fungo la klorini limveke, tsekani, n'kusiya maola 12 mpaka 24 popanda wogwiritsa ntchito. Kenako popani mpaka fungo lithe.

Madzi opopawo asalowe m'sepitiki thanki, chifukwa klorini wochuluka chotere amapha tizilombo tabwino timene timaoletsa zonyansa m'thankimo, ndipo asapite ku dimba kapena ku dziwe la nsomba. Pampu ya petulo isatsitsidwe m'chitsime muli munthu, utsi wake wapha anthu ambiri. Dikirani sabata imodzi kapena ziwiri, muyezetsenso. Tizilombo tikabwerera, ndiye kuti njira ija sinatsekeke, kapena madzi a m'nthaka ya dera lonselo ndi oipa, ndipo apa ndi pamene makina okhazikika amafunikadi.

8. Tsopano funani woika makina, pepala la labotale lili m'manja.

Njira yabwino yopezera munthu si zotsatsa za pa Facebook zokha. Funsani ogwira ntchito ku labotale, ku ofesi ya madzi, ndiponso eni malo ogona alendo, masukulu ndi zipatala zing'onozing'ono za m'dera lanu zimene zimadalira mjigo. Funsani makamaka amene makina awo atha zaka ziwiri, chifukwa makina alionse amagwira bwino mwezi woyamba. Itanani anthu atatu, aliyense abwere kudzaona malo, ndipo amene angakupatseni mtengo pa foni asanaone zotsatira zanu mumusiye.

Chenjerani ndi chionetsero china chofala. Wogulitsa amaviika kachipangizo ka tizitsulo m'tambula ya madzi anu, n'kukalumikiza ku magetsi, ndipo pakapita mphindi zochepa madzi aja amasanduka a bulauni, thovu lonyansa lili pamwamba, pamene a m'makina ake amakhalabe oyera. Zonyansazo sizichokera m'madzi anu. Ndi chitsulo cha kachipangizoko chimene chikusungunuka, chifukwa madzi alionse okhala ndi mchere wachilengedwe amadutsitsa magetsi. Kachipangizo kena konga cholembera, kotchedwa TDS, kamangoyeza kuchuluka kwa zosungunuka, ndipo sikaona tizilombo, moti madzi a kolera akhoza kuonetsa nambala yokongola.

Chida chigwirizane ndi vuto limene lili papepala. Masefa a ulusi amachotsa matope okha, ndipo a makala amachotsa fungo ndi klorini, koma onsewa sapha tizilombo. Tizilombo timafuna klorini wothiridwa mosalekeza, wotsala m'madzi pakati pa mamiligalamu 0.2 ndi 0.5 pa lita pofika pa mpope, kapena nyali ya UV, imene imapha tizilombo ndi kuwala kwake. Nyaliyi imagwira ntchito m'madzi oyera okha, choncho imafuna sefa patsogolo pake, imasinthidwa chaka chilichonse ngakhale ikuwalabe, ndipo magetsi akazima madzi ochokera m'thanki ya pamwamba amangodutsa osatetezedwa, pokhapokha itakhala ndi batire kapena sola. Chitsulo cha m'nthaka chimachoka madzi akapitidwa mphepo kenako n'kusefedwa mumchenga. Laimu amene amasiya zoyera zouma m'ketulo ndi kutseka giza amachotsedwa ndi makina ogwiritsa ntchito mchere. Nitrate, fluoride ndi mchere zimafuna makina a reverse osmosis, amene amakankha madzi kudutsa pa sefa yothinana kwambiri yotsekereza zosungunuka, ndipo ang'onoang'ono a panyumba amataya malita atatu kapena anayi pa lita iliyonse yoyera, choncho aikidwe pa mpope wa kukhitchini wokha, osati nyumba yonse.

Funsani aliyense funso ili: madzi otayika ndi otsukira makinawa azipita kuti? Woika makina wosalabadira amangowalumikiza ku paipi yopita ku sepitiki thanki, ndipo madzi ochulukawo amadzaza sokawe n'kukankhira nyansi kufupi ndi chitsime chomwecho chimene mukuchikonza. Madzi amenewa akhale ndi dzenje lawolawo, kutali ndi chitsime. Funsaninso kumene masefa osinthira amapezeka. Zoikamo masefa za mainchesi 10 kapena 20 n'zofala ndipo masefa ake amagulitsidwa m'masitolo ambiri a zomangira, pamene makina okhala ndi sefa ya mtundu wakewake amasanduka chokongoletsa khitchini katundu akasiya kubwera kuchokera kunja.

9. Lembani mgwirizano, ndipo ndalama yomaliza idikire labotale.

Koteshoni ilembedwe, itchule chida chilichonse, ntchito yake, nthawi ya chitsimikizo, mtengo wa zosinthasintha pa chaka, ndiponso manambala amene madzi ayenera kufika makina akaikidwa, monga E. coli 0 ndi fluoride wosapitirira 1.5. Gwirizanani kuti gawo lina la malipiro lidzaperekedwa zotsatira za labotale imene mwasankha nokha zikadzatuluka, pa madzi amene mwatunga nokha pa mpope wa kukhitchini patatha sabata ziwiri. Wodziwa ntchito yake savuta pa mfundo imeneyi. Pa tsiku loika makina, munthu wamkulu wa pakhomo amene amakhalapo tsiku lonse aonetsedwe kusintha sefa, kutseka madzi ndi kuzindikira nyali ikafa, ndipo achite yekha kamodzi mmisiri akuona.

Pambuyo pake khomani pepala pafupi ndi makinawo, lolembapo tsiku losintha sefa, tsiku losintha nyali, tsiku lotsuka thanki ya pamwamba, limene lisapitirire miyezi 6, ndi chaka chimene sepitiki thanki inapopedwa. Mayeso a tizilombo ndi nitrate abwerezedwe chaka chilichonse pakati pa dzinja, komanso nthawi ina iliyonse pamene madzi osefukira afika pa chitsime, pampu yatulutsidwa kukakonzedwa, madzi asintha fungo kapena mtundu, pakhomo pabadwa mwana, kapena mnansi wayamba kukumba dzenje latsopano kuseri kwa mpanda.